KODI WOPENYERERA ODWALA ALI NDI NGONGOLE YANJI?

Anzanga acinyamata, ndidziwa kuti pakati pa inu amene muwerenga magazini ino alipo ambiri amene alakalaka kudzakhala madotolo, anamwino kapena ma clinical officer. Ena munayamba kale maphunziro anu, ena mukali kuyembekezera zotsatira za mayeso a Giredi 12. Zikakuyenderani bwino, lidzafika tsiku limene adzakulowetsani m'cipinda ca dotolo nadzakuuzani kuti, "Khalani apo, muziyang'ana ndi kumvetsera, koma musakhudze kanthu." Ku America ndi ku Britain mwambo umenewu amaucha shadowing, ndiko kunena kuti wophunzira atsatira dotolo monga cithunzithunzi cake, ndipo acinyamata ambiri kumeneko amacita zimenezi asanalembere n'komwe malo ku sukulu ya udotolo. Kuno kwathu ophunzira a sukulu ya udotolo ya University of Zambia, imene inayamba mu 1966, amaima m'mbali mwa mabedi a ku UTH, ndipo anzao a masukulu ena amacita cimodzimodzi m'zipatala za ku Ndola, Livingstone, Chipata ndi kwina.

Tsono taganizirani zimene zicitika m'cipindamo. Patsogolo panu pakhala munthu wa msinkhu wa amai anu kapena atate anu. Wabvula malaya, miyendo yatupa, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali, ndipo akuulula zinthu zimene ngakhale ana ake sanawauzepo. Inu simungam'patse ngakhale piritsi limodzi, pakuti simunaloledwe ndiponso simudziwa. Pakutha pa zonse inu mudzatuluka mutapindula nzeru, iye adzatuluka ndi matenda ake omwe aja. Kuyambira ubwana makolo anatiphunzitsa kuti kuyang'anitsitsa munthu amene ali m'mabvuto ndi mwano, ndipo tonse timanyansidwa ndi khamu limene limaunjikana pa ngozi ya galimoto mu Great East Road, kumangojambula ndi mafoni osathandiza kanthu. Nanga wophunzira amene wakhala pakona asiyana pati ndi khamu limeneli? Kodi n'koyenera kuphunzirira pa kubvutika kwa munthu amene sungathe kum'thandiza?

Ndasankha kuti tilingalire funsoli m'kiliniki ya odwala matenda a mtima amene madotolo amawacha heart failure, cifukwa kumeneko funsoli limabaya koposa. Wodwala malungo kawirikawiri amacira napita kwao, ndipo mtima wa wopenyerera umakhala pansi. Koma ku kiliniki iyi odwala ambiri sadzacira kotheratu.

Mtima Ukatopa

Dzina lakuti heart failure limaopsa, ndipo ena akalimva amayesa kuti mtima waima. Si tero iai. Mtima ukali kugunda, koma walephera kupopa magazi okwanira zosowa za thupi. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi, ndiko kuti pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo munthu akangokhala phee umakankha malita ngati 5 a magazi pa mphindi iriyonse. Ukafooka, kapena ukauma kotero kuti sudzaza bwino, magazi amayamba kuunjikana kumbuyo monga madzi a m'ngalande yotsekedwa ndi zinyalala. Mbali ya kumanzere ikalephera, madzi amalowa m'mapapo ndipo munthu amabanika. Ya kumanja ikalephera, miyendo, ciwindi ndi mimba zimatupa. Impso nazonso zikaona kuti magazi afika ocepa zimayesa kuti thupi lasowa madzi, motero zimasunga mcere ndi madzi, n'kuonjezera katundu pa mtima umene watopa kale.

Pa dziko lonse anthu oposa 60 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo mwa amene awapeza nao, pafupifupi theka amamwalira zisanathe zaka 5. Ku Ulaya ndi ku America amagwira makamaka okalamba a zaka za m'ma 70, ndipo kawirikawiri amayamba cifukwa ca kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima. Kuno ku Africa nkhani ndi ina. Mu 2012 madotolo, pakati pao Profesa Albertino Damasceno wa ku Maputo, anafalitsa zimene anapeza mwa odwala 1,006 amene anagonekedwa ndi matendawa m'maiko 9 a kuno ku Africa. Zaka zao pa avareji zinali 52 cabe. Mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 45 mtima unatopa cifukwa ca BP. Pafupifupi 14 anali ndi rheumatic heart disease, matenda amene amayamba ndi zilonda za pakhosi paubwana, pambuyo pake n'kudzaononga titseko ta mkati mwa mtima. Pakutha miyezi 6, odwala pafupifupi 18 mwa 100 alionse anali atamwalira. Palinso amai amene mtima umafooka cakumapeto kwa pakati kapena atangobereka kumene, ndi ena amene TB imagwira thumba lokuta mtima.

Motero pa benchi la kiliniki yathu simudzapezapo agogo okha. Mudzapezapo atate amene akali kulipirira ana sukulu, mai wa khanda kumsana, ndiponso mtsikana wa msinkhu wanu womwe.

Zimene Mudzaona

Wophunzira amafika ndi maganizo a m'mafilimu, a makina olira ndi madotolo othamanga m'makonde. Cimene apeza pakhomo ndi sikelo. Wodwala aliyense amayamba wayezedwa kulemera, cifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo sikelo imaona madzi amene maso sanayambe kuwaona. N'cifukwa cake odwala amauzidwa kuti akaonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku 3 abwere msanga.

Kenaka pamabwera mafunso, ndipo ndi mafunso a kunyumba. "Amai, usiku mumagonera mapilo angati?" "Atate, mukacoka kunyumba kupita ku msika mumaima kangati kuti mupume?" "Kodi m'ndiwo mukali kuthira mcere wambiri? Nanga nsomba zamcere zija munaleka?" Funso la mapilo liri ndi cifukwa cake: munthu akagona cagada madzi a m'miyendo amabwerera ku cifuwa, ndipo amene mapapo ake adzaza amayamba kugona cokhala. Mu 1928 bungwe la New York Heart Association linagawa odwalawa m'magulu 4. Wa gulu loyamba amagwira nchito zake osabanika. Wa laciwiri amabanika pa nchito wamba monga kukwera kamtunda. Wa lacitatu amabanika ngakhale posamba kapena posesa pakhomo. Wa lacinai amabanika ali khale. Kagawidwe kameneka kakali kugwira nchito mpaka lero, ndipo kamadalira pa mau a wodwala mwini wake.

Mudzaona dotolo akum'tsamiritsa wodwala n'kumayang'anitsitsa mtsempha wa m'khosi, pakuti ukakwera umasonyeza kuti magazi aunjikana. Adzadinikiza cala pa msongolo, ndipo cikasiya dzenje adziwa kuti muli madzi. Adzamvetsera kumsana ngati mapapo akulira ngati tsitsi lopekesedwa pafupi ndi khutu. Pa makina a echo adzayeza gawo la magazi limene cipinda cacikulu ca kumanzere cimatulutsa pa kugunda kulikonse. Mtima wabwino umatulutsa pakati pa 50 ndi 70 mwa 100, ndipo ukatsika kufika pa 40 kapena pansi pake amati wafooka. Potsiriza adzasintha mankhwala pang'ono: kuonjezera furosemide, amene ambiri amam'dziwa kuti Lasix, kuti madzi acoke, kapena kukweza muyezo wa piritsi lina ndi theka, nadzalamula kuti ayeze magazi kuti aone ngati impso zipirira. Adzati, "Mubwerenso mwezi wa mawa." Wina adzalowa, ndipo zonse zidzayambiranso.

Wophunzira wina amatopa nazo nayamba kuyang'ana pa foni. Wina amagwidwa ndi cisoni ca mtundu wina, poona kuti wakhala m'mawa wonse pakati pa anthu obanika koma sanacitepo kanthu. Waciwiriyu ndiye wafika pa funso lathu.

Mlandu wa Wopenyerera

Tisafulumire kum'masula wopenyerera, pakuti mbiri ya udotolo iri ndi zonyansa zimene zinacitika m'dzina la kuphunzira. Ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama ku America, kuyambira mu 1932 mpaka 1972, a zaumoyo a boma anatsatira amuna akuda 399 odwala cindoko kuti aone m'mene matendawo amaonongera thupi. Sanawauze dzina lenileni la matenda ao, ndipo ngakhale penicillin atapezeka m'zaka za m'ma 1940 sanawapatse. Anali kungoyang'ana ndi kulemba. Pulezidenti Bill Clinton anapepesa mu 1997, ambiri a iwo atamwalira kale. Apa ndi pamene kupenyerera kumathera ngati munthu wasanduka cinthu cophunzirirapo cabe.

Komabe tikati tiletse kupenyerera konse, madotolo adzacokera kuti? Palibe buku limene lingaphunzitse khutu kusiyanitsa kulira kwa mtima wabwino ndi kwa mtima wotopa. William Osler, amene anayamba nchito pa cipatala ca Johns Hopkins ku Baltimore mu 1889, amakumbukidwa cifukwa anatulutsa ophunzira m'kalasi nawapititsa pa bedi la wodwala, ndipo masukulu a udotolo atsatira njira imeneyi kufikira lero. Dotolo amene adzapulumutsa amai anu anaphunzira pa thupi la amai a munthu wina.

Mankhwala omwe nawonso anabwera mwa njira imeneyi. Mu 1785 William Withering, dotolo wa ku Birmingham ku England, analemba za odwala oposa 150, ambiri a iwo otupa thupi, amene anawapatsa masamba a duwa lochedwa foxglove. Nzeruyo anaitola ku mankhwala a mai wina wokalamba wa ku Shropshire. Ena kutupa kunatha, ena anasanza koopsa pamene iye anali kufunafuna muyezo woyenera, ndipo ena anamwalira. Ku maluwa a mtundu umenewu ndiko kunacokera digoxin, amene odwala ena akali kumwa. Mu 1987 kunafalitsidwa zotsatira za kafukufuku wa ku Scandinavia wa odwala 253 a gulu lacinai lija. Kuonjezera pa mankhwala ao a masiku onse, theka linapatsidwa enalapril ndipo theka linapatsidwa piritsi lopanda mankhwala. Pa miyezi 6, imfa pakati pa omwa enalapril zinacepa ndi 40 peresenti. Taonani kuti cimene tinadziwira kuti mankhwalawo agwira nchito n'cakuti a gulu linalo anamwalira ambiri. Piritsi lirilonse limene dotolo alemba m'kiliniki muja munthu wina analilipirira ndi thupi lake.

Tsono yankho langa ndi ili. Wodwala amene walola wophunzira kukhala m'cipinda wapereka mphatso. Wapereka zimene tonse timabisa: umalisece wake, kufooka kwake ndi mantha ake. Iye mwini sapindulapo kanthu, wopindula ndi wodwala wina wa zaka zakutsogolo amene sadzakumana naye konse. Khamu la pa ngozi lija limatenga cimene silinapatsidwe, ndipo silipita naco kulikonse. Wophunzira amapatsidwa, ndipo kupatsidwa kumeneku kumam'siya ndi ngongole. Kwathu mphatso timalandira ndi manja awiri. Kupenyerera wodwala kumakhala koyenera pokhapo ngati wopenyererayo abvomera kuti ali ndi ngongole nayamba kuilipira.

Wina adzati, "Kodi ndi mphatso yeniyeni, popeza wodwala wosauka alibe kwina kopita?" Funso limeneli ndi lacilungamo. Pafupifupi kulikonse ophunzira amadzaza m'zipatala za anthu wamba, pamene wandalama amaonana ndi dotolo wake ali awiri citseko cotseka. Munthu amene wakwera basi usiku wonse naima pa mzere kuyambira m'mamawa sangalimbe mtima kunena kuti, "Anawa atuluke." Koma zimenezi sizicotsa ngongole iai, zimangoikulitsa. Mphatso ya munthu wosauka ndiyo yolemera koposa kuinyamula.

Kalipiridwe Kake

Coyamba ndico kupempha, ndi kunena zoona za amene muli. Anthu athu akaona cobvala coyera amati "adotolo" kwa aliyense, ndipo dzinali limakoma m'khutu la mwana wa zaka 19. Kulilandira mwakacetecete ndi kuba. Nenani momveka kuti, "Amai, ine ndine mwana wa sukulu, ndikuphunzira cabe. Kodi mundilola kukhala muno? Mukakana, adotolo adzakuonani bwino lomwe." Mau otsirizawa ndiwo ofunika, cifukwa cilolezo ca munthu wamantha si cilolezo. Ndipo akakana, tulukani mosakwinya nkhope. Mungadabwe kumva kuti stethoscope imene mulakalaka kuikoloweka m'khosi inabadwa cifukwa ca ulemu wotere. Mu 1816 René Laennec, dotolo wa ku Paris, anafuna kumva mtima wa mtsikana wina wodwala. Masiku amenewo dotolo anali kuika khutu lake pa cifuwa penipeni, koma iye anaona kuti n'kosayenera kutero kwa mtsikana. Anapinda mapepala ngati mpope namvetserera patali, ndipo anapeza kuti akumva bwino koposa kale.

Caciwiri ndico kusunga cinsinsi. Lonjezo la madotolo lochedwa Declaration of Geneva, limene linalembedwa koyamba mu 1948, limafuna kuti cinsinsi ca wodwala cisungidwe ngakhale iye atamwalira. Inu simunalumbirebe, koma munalowa m'cipinda ca olumbira. Ciyeso cake n'cacikulu, cifukwa tsiku loyamba ku cipatala limabwera ndi nkhani zokoma kuzisimba mu minibasi, pa cakudya ca madzulo ndi pa WhatsApp. Musadzinamize kuti mwabisa munthu cifukwa simunachule dzina. M'komboni kapena m'mudzi, mukangoti "mphunzitsi uja wotupa miyendo" onse am'dziwa, ndipo mwina am'chotsa nchito kapena ukwati wa mwana wake usokonezeka. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Cithunzi ca wodwala, ca khadi lake kapena ca echo yake cisalowe konse m'foni yanu.

Cacitatu ndico kuchera khutu. Munthu akakubvulirani malaya kuti muphunzire, ndiye phunziranidi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wophunzira ali ndi cuma cimodzi cimene dotolo alibe, ndico nthawi, ndipo kawirikawiri amalankhulanso cinenero ca wodwalayo. Mai amene wauza adotolo kuti amamwa mankhwala onse angathe kuuza mwana wa sukulu panja kuti Lasix amam'siya masiku a malonda, cifukwa amakodzetsa kawirikawiri ndipo pa msika cimbudzi n'colipira. Bambo wina anganene kuti analeka mapiritsi atamva bwino, poyesa kuti wacira, kapena kuti amamwa theka kuti akwanire mwezi. Izi ndizo zimabwezera anthu ku wodi. Mukamva zotere musam'dzudzule, ndiponso musam'patse malangizo a mankhwala, pakuti si nchito yanu. M'pempheni kuti, "Kodi mundilola tikawauze adotolo pamodzi?" Nthawi zina dotolo amangosintha ora lomwera piritsi, bvuto n'kutha.

Kuchera khutu kumasinthanso ngakhale zolembedwa m'mabuku. Kwa zaka zambiri ophunzira anali kuphunzitsidwa kuti mankhwala ochedwa beta-blocker ndi oopsa kwa mtima wofooka. Mu 1975 madotolo a ku Gothenburg ku Sweden analemba za odwala 7 amene anapeza bwino atapatsidwa mankhwalawo, ndipo ambiri sanakhulupirire. Pofika mu 1999 kafukufuku wamkulu anali atasonyeza kuti amatalikitsa moyo. Lero ali pakati pa mitundu 4 ya mankhwala imene iri maziko a cithandizo ca mtima wofooka, pamodzi ndi a mtundu wa enalapril kapena sacubitril-valsartan, a mtundu wa spironolactone, ndi a mtundu wa dapagliflozin, amene poyamba anali a matenda a shuga ndipo phindu lao pa mtima linatsimikizidwa mu 2019.

Cacinai ndico kubweza, ndipo ici n'ca moyo wonse. Amai aja amene munaphunzirira pa khosi pao mwina simudzawaonanso. Ngongole yao mudzailipira kwa ena. Sindikulamulani kumene mudzagwire nchito, pakuti aliyense ali ndi banja lake ndi zosowa zake. Koma tsiku limene mudzasankha pakati pa cipatala ca kumudzi, ca m'tauni ndi ca kunja kwa dziko, pa sikelo ya cikumbumtima canu muikeponso anthu amene anakuphunzitsani ndi matupi ao osalandira ngwee. Ndipo kulikonse kumene mudzakhale, wosauka akalowa mum'patse mpando ndi khutu lomwe mupatsa wolemera, pakuti anzake ndiwo anakupangani dotolo.

Pamene Mtima Sudzacira

Patsala cinthu cimodzi cimene cimasautsa wophunzira koposa zonse. Tsiku lina mudzamva dotolo akuuza banja kuti mankhwala afika pamapeto. Mudzadzifunsa kuti, ngati ngakhale akatswiri sangaciritse, nanga kiliniki yonseyi n'njaciani?

Caka ca 1967 citithandize kuyankha. Pa 3 December caka cimeneco, pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town, Christiaan Barnard anaika mtima wa Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25 amene anagundidwa ndi galimoto, m'cifuwa ca Louis Washkansky, amene mtima wake unali utalephereratu. Washkansky anakhala masiku 18 namwalira ndi cibayo, koma njira inatseguka, ndipo lero ambiri oikidwa mtima amakhala zaka zoposa 10. M'caka comweco ku London, Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice, nyumba yosamalira odwala amene sadzacira. Iye anali namwino asanakhale dotolo, ndipo nzeru zake zambiri anazipeza pokhala pansi ndi kumvetsera anthu amene anali pafupi kufa. Anaphunzitsa dziko kuti ululu, kubanika ndi mantha ziyenera kuthandizidwa ngakhale matenda atakana.

Dziko lonse linaomba m'manja kwa Barnard, ndipo kunali koyenera. Koma mitima imene imaikidwa pa caka ndi masauzande owerengeka cabe, pamene odwala ndi mamiliyoni. Nchito yaikulu ya kiliniki ya heart failure iri pakati pa anthu awiriwa. Kumeneko amagulira munthu nthawi: kuti agone cagada usiku umodzi wathunthu, kuti akolole munda wake, kuti aone mwana wake atamaliza sukulu. Zaka 5 zoonjezera kwa bambo wa ana ang'ono si kanthu kakang'ono. Ndipo nthawi ikatha, amatsala naye osam'thawa.

Apa wopenyerera asamale lilime lake. Wodwala angakugwireni dzanja nafunsa kuti, "Mwana wanga, kodi ndidzacira?" Pakamwa padzafuna kunena msanga kuti, "Mudzacira, musadandaule," cifukwa mau amenewa amapeputsa mtima wa wonenayo. Koma munthu amene wanamizidwa amalandidwa mpata wokonza za ana ake, wogawa katundu wake ndi woyanjana ndi m'bale amene anakangana naye. Kum'gwetsera mau olemera amene inu simuwamvetsa bwino n'kulakwanso. Mungathe kunena kuti, "Funso limeneli n'lalikulu kuposa ine, koma ndi loyenera kulifunsa. Tiyeni tiwaitane adotolo, ndipo ine ndikhala nanu pano." Kukhala pamenepo osathawa ndi nchito imene ngakhale wophunzira wa tsiku loyamba angaithe.

Kwa Ife Tonse

Mwina inu simudzabvala cobvala coyera, ndipo mukuti nkhaniyi ndi ya ena. Komatu tonse timapenyerera odwala. Tikapita kukazonda mnzathu ku wodi timaona a pa bedi loyandikana nalo. Timamva za matenda a aneba. Malamulo ndi omwewo: kulowa mwaulemu, kumvetsera koposa kulankhula, ndi kusiya cinsinsi pakhomo potuluka. Ngakhale popempha anzathu kuti akumbukire wodwala, sikofunika kuchula zonse zimene tinaona pansi pa bulangeti.

Ndipo zimene odwala aja anatiphunzitsa zisathere m'magazini muno. BP siimva kuwawa, motero limbikitsani makolo anu kukayezetsa, ndipo amene anayamba mankhwala asaleke cifukwa akumva bwino. Mng'ono wanu akadwala zilonda za pakhosi ndi kutentha thupi, mupite naye ku kiliniki, pakuti ngati n'za tizilombo toyambitsa rheumatic heart disease, penicillin amateteza mtima wake. Mlongo wanu akabereka n'kumabanika pogona ndiponso kutupa miyendo, musati ndi kutopa kwa ucembere, m'tengereni ku cipatala tsiku lomwelo.

Kwa inu amene mudzalowa m'cipinda ca dotolo, pempho langa ndi laling'ono. Wodwala akamabvala malaya ake kuti azipita, imirirani mum'thokoze monga muthokozera mphunzitsi pakutha pa phunziro. "Zikomo amai, mwandiphunzitsa." Ambiri adzadabwa, pakuti sanaganizepo kuti m'kudwala kwao ali ndi kanthu kopatsa munthu wina.